Mdala Akafunda, Avunda

Denga la galaja litagwa m'mawa wa Lachiwiri, munthu woyamba kufika pageti anali Penti. Mzime, chibwenzi chake, anamuimbira foni akulira, ndipo iye anangotolapo mawu awiri okha: "Mdala... denga..." Anaponya pansi zonse zimene anagwira n'kuliyatsa liwiro, ovolo yake ya madontho a utoto ikuuluka ngati mbendera.

Musamuone choncho Penti. Dzina lenileni anali nalo, koma anthu analiiwala kalekale chifukwa cha ntchito yake yopenta magalimoto. Anachoka kwawo ndi kachikwama kamodzi ndi nsapato zobooka. Anatsuka magalimoto m'madoko a mayiko anayi, anagona m'sitima zikuluzikulu zodutsa nyanja zopanda tsidya, anaphunzira kusakaniza utoto kwa akatswiri olankhula zinenero zopinda lilime. Anabwerako ndi manja agolide n'kutsegula malo akeake popanda womugwira dzanja. Galimoto ikadutsa m'manja mwake, mwini wake ankapesa tsitsi poyang'ana pachitseko. Chilema chake chinali chimodzi chokha: pakamwa. Chimene wadziwa sankachisunga m'mimba, ndipo sankachithira shuga.

Mdala amene Mzime ankalirirayo sanali munthu. Bambo ake anamwalira pafupifupi zaka ziwiri m'mbuyomo. Ali moyo ana awo ankawatchula kuti Mdala, ndipo atapita dzinalo linatsalira galimoto yawo yakale. Inali yaitali, yobiriwira ngati botolo, mabampala onyezimira, mipando yachikopa, dashibodi yathabwa. Inali ndi zaka makumi asanu, koma mukanalumbira kuti yatuluka m'fakitale dzulo. Pakhomopo palibe ankati "galimoto". Ankati, "Mdala ada, apukuteni," kapena, "Mdala lero akutsokomola." Mayi ake a Mzime m'mawa uliwonse ankatsegula galaja, n'kuika dzanja pa boneti, n'kuima kaye pang'ono osalankhula.

Mayi amenewa ndiwo anali khoma pakati pa Penti ndi Mzime. Awiriwa anali atatha chaka ali pachibwenzi, ndipo Penti ankafuna ukwati, koma akabwera ankalandiridwira pakhonde, tiyi wake n'kubwera m'kapu yachitsulo imene ankamwera okonza mipope.

"Mnyamatayu amanunkha utoto," ankatero mayiwo. "Ndipo akayamba za m'madoko mwakemo, wailesi imachita manyazi."

Mwamwayi mtanda wa denga unakodwa pa shelefu, n'kuima chala chimodzi pamwamba pa galimotoyo. Penti anakwawa pansi pa malata, anamasula buleki, ndipo iye ndi malume ake a Mzime anaikankhira panja osakalika pena paliponse.

"Ndiwe mwamuna, mphwanga!" anatero malumewo akupuma mwawefuwefu.

"Zochepa izi, malume. Ine ndinatulutsapo galimoto m'sitima ikupendekeka chonchi, madzi ali m'mawondo."

"Tayambapo," anatero mayi chapansipansi.

Komabe tsiku limenelo tiyi anabwera m'kapu yadothi yamaluwa. Mzime anamutsinzinira diso, ndipo Penti anamva ngati khoma lija layamba kung'aluka.

* * *

Khoma limene linang'alukadi linali la galaja. Mmisiri womanga analigogoda, n'kupukusa mutu. Linkafunika kugwetsa n'kumanganso, ndipo ntchitoyo inayenera kudikira kuti mvula ithe. Miyezi iwiri, mwina itatu. Mdala agona panja.

Nkhani imeneyi isanazizire, pageti panaima galimoto yoyera. Munatsika a Matenti, bambo wa zaka zopitirira makumi anayi, wosakwatira, mwini bizinesi yogulitsa matenti ndi zinsalu zophimbira katundu pamalole. Ankalankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa khanda, ndipo chiyambire maliro aja sankatha sabata osabwera kudzaona banjali. Maso awo akati aone mayi, ankadutsa kaye pa Mzime.

"Ndamva za ngoziyi, mayi," anatero akupinda mawondo. "Ndinati Mdala asagone pambalambanda ife tili moyo. Ndabwera ndi chofunda."

Anatsitsa chinsalu chapulasitiki chabuluu, chatsopano, chokhuthala ngati chikopa cha mvuu, pamodzi ndi mpukutu wa chingwe.

Mayi anagwira pachifuwa. "Ambuye akudalitseni. Ndimaganiza kuti ndigona bwanji ine m'bulangete iwo akunyowa."

Munthu wanzeru akanamwa tiyi wake n'kukhala chete. Penti anaika kapu pansi.

"Pepani mayi, chimenecho musaike."

Onse anatembenuka.

"Galimoto imapuma ngati munthu. Mukaikulunga m'chipulasitiki, chinyezi chochokera pansi chimakwera, chimasowa potulukira. Dzuwa likawomba mkatimo mumasanduka mphika. Utoto umatuluka matuza, mipando imachita nkhungu, dzimbiri limayamba kudya kuchokera mkati. Mphepo ikawomba, chinsalucho chimakwecha fumbi pa utoto ngati sandipepala. Makoswe nawo amati tapeza hotela."

"Ndiye anyowe?" anafunsa mayi.

"Bola kunyowa n'kuuma kusiyana n'kuchita thukuta miyezi itatu. Tiitsuke, tiipake phula lokwanira, tiichotse paudzupa tiiimike pasimenti. Ndikhoza kukuzikirani mapolo anayi n'kuika denga pamwamba, m'mbali mopanda kanthu, mphepo izidutsa. Ngati n'kuphimba, pamafunika nsalu yofewa yolola mpweya, osati ichi cha matumba a feteleza."

A Matenti anamwetulira ngati munthu amene wapondedwa chala m'tchalitchi. "Zinsalu zangazi zayenda pamalole zaka khumi, achimwene. Sindinamvepo katundu akudandaula."

"Katundu alibe utoto wa zaka makumi asanu, bwana. Ine kudoko lina ndinaona magalimoto mazana awiri ataonongeka chifukwa cha zimenezi. Mazana awiri! Mwini wake analira ngati mwana."

"Kuno si kudoko," anatero mayi. "Ndipo sindimanga chisakasa cha mbuzi kutsogolo kwa nyumba yanga. Achimwene, thandizani a Matenti."

Malume anakweza mapewa, n'kugwira nsonga ya chinsalucho. Anachikoka pamwamba pa galimotoyo pomwepo paudzu, pansi pa mtengo, ndipo a Matenti anamanga chingwe mfundo zolimba mpaka matayala anabisika. Mayi anasalaza ndi dzanja malo amene panali patakwinyika, monga mmene munthu amakonzera bulangete la wodwala.

Penti anabwerera osamaliza tiyi.

* * *

Patapita masiku asanu, cha kumasana, foni yake inalira. Mzime anali atatumiza chithunzi cha mulu wabuluu uja, madontho a mvula ali mbuu pamwamba pake.

"Taona, Mdala afunda bwinobwino. Mayi mtima uli m'malo. Usakwiyenso, wamva?"

Penti anaseka yekha. Anaona kuti mawu akuti kufunda ndi kuvunda amasiyana kachilembo kamodzi kokha, ndipo nthabwala yotere sakanailola kuti imudutse. Analemba mofulumira:

"Afunda kapena avunda? Mdala wanuyo akuvunda pansi apo. Tsiku lomuvundukula mudzathawa ndi fungo."

Anatumiza, n'kudikira kuti Mzime aseke. Panadutsa ola. Kenako foni inaitana.

"Iwe, mutu wako ukuyenda bwino?" anafunsa Mzime.

"Bwanji kodi? Ndi nthabwala chabe."

"Lero ndi tsiku lanji?"

"Lamlungu."

"Lero bambo akwanitsa zaka ziwiri ali m'manda. Ndinakuuza sabata yatha. Tangobwera kumene kuchokera kumanda, ndinawapatsa mayi foni kuti aone zithunzi za maluwa amene tinakaika. Uthenga wako walowa foni ili m'manja mwawo. Auwerenga mokweza, Penti. Mokweza, malume ali pomwepo, a Matenti ali pomwepo."

Penti anakhala pansi pa chitini cha utoto. "Koma ndimanena galimoto..."

"Adzitsekera kuchipinda. Sanadye."

Foni inaduka.

* * *

Kutacha anavala malaya oyera, anakwecha manja ndi sopo mpaka anafiira, n'kupita. Malume anamutsegulira geti akupukusa mutu.

"Mphwanga, pakamwa pakopa pamafunika buleki. Galimoto umazidziwa, koma apa unaiwala kumangapo."

"Ndithandizeni malume."

"Ine? Dzulo ndinati ndiseke pang'ono, mlongo wanga anandiyang'ana diso loti mpaka lero msana ukundizizira. Lowa wekha."

Mayi anali pakhonde akusoka batani. Sanamupatse mpando. Penti anagwada pasitepe, munthu amene sanagwadirepo ngakhale kapitawo wa sitima.

"Mayi, ndalakwa. Ndimanena za galimoto, sindimanena za bambo."

"Ndikudziwa," anatero osakweza mutu. "Mukuganiza kuti ndine chitsiru? Nditawerenga kachiwiri ndinadziwa kuti mukunena galimoto."

"Ndiye mundikhululukire."

"Bambo wopenta, ndikuuzeni chinthu chimodzi chimene simunachione m'madoko mwanumo. Tsiku lomaliza kuchipatala amuna anga ankanjenjemera. Anati, 'Ndifunditse, ndikumva kuzizira.' Ndinawafunditsa ndi manja angawa. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza." Analuma ulusi n'kuudula. "Zaka ziwiri ndakhala ndikukana kuganiza zimene zikuchitika pansi pa dothi lija. Inu mwandiganizitsa ndi mzere umodzi, kuti museke."

Penti anaweramitsa mutu.

"Mwana wanga ndi wamkulu, sindingamumange mwendo. Koma ine ndikufuna mkamwini amene ndikalira azidziwa kutseka pakamwa. Pitani bwino. Ndipo galimoto ija musaiyandikire."

Potuluka anadutsa pafupi ndi mulu wabuluu uja. Dzuwa linali litawomba, ndipo m'munsi mwa chinsalucho munkatuluka kafungo ka chinyezi kamene mphuno yake inkakadziwa bwino. Anangopitirira.

* * *

Mzime anakhala masiku anayi osayankha mauthenga. Lachisanu anavomera kukumana naye pa benchi ya pamalo okwerera basi, ndipo anakhala kumapeto kwenikweni, chikwama chili pakati pawo.

"Ndakusowa," anatero Penti.

"Wasowa womuuza za sitima."

"Mzime, chonde. Ndimenye ngati ukufuna, koma usandikhalire chete."

Mtsikanayo anamuyang'ana, ndipo mkwiyo unayamba kusungunuka m'maso mwake ngakhale ankayesetsa kuugwira. "Ndiwe chitsiru, ukudziwa?"

"Chitsiru chako."

Anachotsa chikwama chija n'kuchiika pamiyendo. Penti anasendera pafupi.

"Tandiuza zoona," anatero Mzime. "Zija unanena za matuza ndi dzimbiri, unkangofuna kuwachititsa manyazi a Matenti?"

"Ndikulumbira. Ikakhala choncho miyezi itatu, mayi adzalira maliro achiwiri. Ndipo ine sindikuloledwa kuyandikira. Koma iwe ukhoza. Mayi amachoka m'mawa?"

"Amapita kokayimba kwaya Lachiwiri ndi Lachinayi. A Matenti amadzawatenga."

"Dzuwa likawala, masula chingwe, chotsa chinsalucho, tsegula mawindo pang'ono kuti mpweya udutse. Ola limodzi lokha. Koma pochotsapo uonetsetse kuti..." Anaima. "A Matenti amadzawatenga? Kuyambira liti?"

"Kuyambira sabata ino."

"Galu wamkota sakandira pachabe. Ndiye iwe amakutenganso?"

"Anandiperekeza kamodzi kuntchito. Kunkagwa mvula."

"Unakhala kutsogolo?"

"Ndikanakhala m'buti?"

"Munthu ameneyu akukufunsira kudzera mwa mayi ako, iwe sukuona?"

"Ndikuona kuti iye akabwera kwathu mayi amaseka, iwe ukabwera amalira!" Mzime anaimirira. Basi inali itafika. "Ndichita zimene wanenazo chifukwa cha bambo anga, osati chifukwa cha iwe."

Anakwera osacheuka. Penti anatsala akutukwana zinsalu zonse zabuluu za padziko lapansi. Nsanje inamudya mpaka anaiwala kumaliza chiganizo chake chija. Ankafuna kunena kuti chinsalu chotere sachikoka. Amachinyamula anthu awiri, m'mwamba, chifukwa fumbi lili pansi pake limadula utoto ngati lezala. Munthu amene ankanena zonse, ngakhale zosafunika, anasiya chimodzi chokha chofunika.

* * *

Masabata anayenda. Mauthenga awo anali ngati nyengo yomweyo, lero dzuwa, mawa mabingu.

"Ndawapumitsa Mdala. Kutsogolo kokha, kumbuyo mfundo zalimba, ndalephera kumasula."

"Wachita bwino, mfumukazi yanga. Wadya?"

"Ndadya. A Matenti anabweretsa keke."

"Imutsamwe."

"Anabweretsera mayi."

"Ndiye iwatsamwe a Matentiwo, mayi ayi."

Tsiku lina: "A Matenti abwera kudzalimbitsa chingwe. Akhala mpaka chakudya chamasana."

"Chingwe chimenechi chimamasuka sabata iliyonse bwanji? Akumanga galimoto kapena akumanga iwe?"

Uthenga umenewo sunayankhidwe masiku awiri.

Penti anaonda. Ankadzuka n'kuyang'ana kumwamba, mitambo ikachita bii ankadandaula za galimoto, dzuwa likawala ankadandaula za keke. Anagula nsalu yofewa yolola mpweya, anaisoketsa mwa muyeso wa Mdala kuchokera m'mutu mwake, n'kuipinda bwinobwino kudikira tsiku limene mayi adzafewe mtima. Tsikulo silinkabwera.

Lachinayi la sabata yachisanu ndi chimodzi, foni inalira m'mawa.

"Bwera msanga," Mzime ankanong'ona ngakhale anali yekha. "Lero ndadula mfundo zakumbuyo zija ndi mpeni. Penti, bwera udzaone. Mayi abwera cha m'ma leveni."

* * *

Anapeza Mzime ataima paudzu manja ali kumutu. Chinsalu chinali chitatsetserekera mbali imodzi. Penti anachinyamula n'kuchichotsa chonse.

Padenga ndi pabuti utoto unali utatuluka timatuza ting'onoting'ono tambirimbiri, ngati khungu la mwana wodwala chikuku. Pa bampala yakumbuyo panali madontho ofiira a dzimbiri. Atatsegula chitseko anakumana ndi fungo la chinyezi, mpando wakumbuyo utachita nkhungu yotuwa, ndipo pakona makoswe anali atabowola chikopa n'kutulutsa thonje.

Zonse zimene ananena zinali zitachitika. Koma sanamve kukoma kulikonse, chifukwa maso ake anali pa boneti. Pamenepo panalibe matuza, pouma bwino, koma panali mizere yaitali yoyera, yambirimbiri, yoyenda mbali imodzi kuchokera pagalasi mpaka kumphuno.

"Iyi ndinayamba kuiona kalekale," anatero Mzime. "Ndinkaganiza kuti ndi fumbi, ichoka potsuka. Lachiwiri ndinapukuta, sikuchoka. Ndi chiyani?"

"Unkachikoka chinsaluchi?"

"Nanga ndikanatani? N'cholemera, ndili ndekha."

Penti anatseka maso. Anakumbukira benchi ija, basi ija, ndi chiganizo chimene anachisiya panjira.

"Ndine ndachita zimenezi?" Mawu a Mzime anachepa ngati a kamwana. "Penti, ndine? Pamene mayi amaika dzanja m'mawa uliwonse?"

Asanayankhe, geti linalira. Galimoto yoyera inalowa pang'onopang'ono. Kwaya inali itaweruka msanga chifukwa woyimbitsa anadwala, ndipo panjira anatengakonso malume.

Mayi anatsika. Anaona galimoto ili pambalambanda, zitseko zili pululu, chingwe chodulidwa chili paudzu, ndi Penti ataima pakati pa zonsezi, chinsalu chabuluu chili m'manja. Anayenda mpaka pa boneti. Anatambasula dzanja monga mwa masiku onse, koma linaima m'malere.

"Mayo ine," anatero motsitsa. "Bambo a ana anga."

Malume anazungulira kumbuyo n'kuimba mluzu. "Mlongo, tabwera udzaone kuno. Matuza aja ananena mnyamatayu si awa? Safunsa anadya phula, ife phula lomwelo tinalikana."

A Matenti anasuzumira padenga, nkhope inasintha pang'ono, koma anachira msanga. Anabwerera kutsogolo n'kuyendetsa chala pa mzere umodzi.

"Za kumbuyoko tikambirana, mwina ndi utoto wokalamba. Koma izi, mayi, si chinyezi. Chinsalu chomangidwa bwino sichiyenda chokha. Apa pali munthu amene wakhala akuchikoka, osati kamodzi, kambirimbiri. Ndiye chifukwa chake chingwe ndimachipeza chomasuka sabata iliyonse. Ndipo chinsalu chikamatsegulidwatsegulidwa, madzi amalowa. Mwina matuzawo abweranso chifukwa chomwecho."

Linali bodza la mkunkhuniza, ndipo Penti akanatha kuliphwanya ndi mawu khumi. Kumene kunkatsegulidwa n'kumene kunalibe matuza. Koma kuti anene zimenezo, anayenera kunena amene ankatsegula.

Mayi anatembenuka. "Ndani wakhala akuvula amuna anga ine kulibe?"

Mzime anatsegula pakamwa. Penti anaona m'maso mwake kuti akanena, mayi ndi mwana sadzayang'anananso chimodzimodzi pakhomo pano.

"Ndine, mayi," anatero Penti.

"Penti..." anayamba Mzime.

"Ndine. Ndinkalowa Lachiwiri ndi Lachinayi mukapita kukwaya. Mzime sankadziwa, wandipeza lero. Ndinkafuna kuti galimoto ipume, koma ndinkakoka mofulumira poopa kupezeka. Mlandu ndi wanga."

"Katswiri wa m'madoko anayi," anatero a Matenti mofatsa, "osadziwa kuti chinsalu sachikoka?"

Mawu amenewo anamulasa kuposa mpeni. Penti anawameza.

"Ndiloleni ndiikonze, mayi. Mizereyi ndikhoza kuichotsa, matuzawa ndikhoza kuwapala n'kupentanso. Palibe wina m'dziko muno amene angasakanize mtundu wobiriwirawu kuti ufanane. Ndipatseni masabata atatu."

"Ndinakuuzani kuti musaiyandikire," anatero mayi, osakweza mawu. "Munandiyankha ndi kugwada, kenako n'kumalowa pakhomo panga ngati mbala. Manja anuwo asadzakhudzenso chilichonse cha m'nyumba muno. Mwandimva? Chilichonse."

Sanayang'ane Mzime ponena mawu omalizawo, koma aliyense anamva.

* * *

A Matenti anatsokomola pang'ono. "Mayi, ndikanayenera kuganiza zimenezi poyamba pomwe. Kunyumba kwanga kuli galaja ya magalimoto awiri, youma, yokhoma ndi loko. Mbali imodzi imangokhala. Mdala akakhale kumeneko mpaka yanu itamangidwa. Palibe mbala imene ingakalowe."

"Mungatichitire zimenezo?"

"Ndi ulemu kwa ine. Kungoti galimoto zakalezi ndimamva kuti sizifuna kungokhala. Pamafunika wina woidziwa azibwera kudzailiza, kuiyendetsako pang'ono. Ine ndingaope kuigwira."

"Mzime ndi amene bambo ake anamuphunzitsa," anatero mayi. "Palibe wina amaidziwa."

"Ndiye azibwera Loweruka. Ndizidzamutenga ndekha, akamaliza tizidya chamasana, n'kumubweza."

"Mayi, ine Loweruka ndimakhala ndi zochita," anatero Mzime mofulumira. "Ndipo sikofunika. Galimoto ikhoza kukhala miyezi iwiri osalizidwa, sichoncho? Ili m'nyumba, youma. Palibe chingachitike."

Ananena akuyang'ana Penti, maso akupempha.

Malume anakanda mutu. "Apa tisamangolota. Tinakana kumva kamodzi, taona zotsatira zake. Mlongo, mnyamatayu wakulakwira, koma pa zamagalimoto sananamepo. Mphwanga, tiuze. Kugalaja kwa bwanawa n'koyenera?"

Penti anayang'ana matuza aja, nkhungu ija, thonje la makoswe lija. Mvula inali idakali ndi mwezi wathunthu.

"N'koyenera," anatero. "Ichoke panja lero lomwe."

"Nanga zoiliza? N'zoona kapena bwanawa akungofuna mlendo wa Loweruka?"

Bodza limodzi Penti anali atanena kale m'mawa umenewo, ndipo linatuluka mosavuta chifukwa linkapweteka iye yekha. Lachiwirili likanapweteka Mdala. Injini ya zaka makumi asanu imene yamwa chinyezi masabata asanu ndi imodzi, ikangokhala osatenthedwa, mabuleki amagwirana, mafuta amauma m'mapaipi, dzimbiri limalowa mkati mwenimweni mmene munthu sangapente. Tsiku lina mayiwa akanadzatembenuza kiyi n'kumva chete.

Mzime anapukusa mutu pang'ono, kumuuza kuti ayi.

"N'zoona," anatero Penti. "Ikufunika kulizidwa mpaka itenthe, n'kuyendako pang'ono."

"Kamodzi pamwezi sikokwanira?" anafunsa Mzime, misozi ili m'maso.

"Mmene yanyowera muno, ayi."

"Ndiye kangati?" anafunsa malume.

"Sabata iliyonse."

Mayi analowa m'nyumba, anatuluka ndi makiyi, n'kuwaika m'dzanja la mwana wawo. A Matenti anathamangira kukatsegula chitseko cha dalaivala, n'kupukuta mpando ndi mpango wawo woyera.

"Zikomo achimwene," anatero akumwetulira kwa Penti. "Mawu a katswiri sitingawatsutse. Mungatigwirireko geti?"